Ndangotumiza Momwe Ndalandirira



Sabata yatha, titamaliza kuwerenga za kunena zoona, mmodzi wa ife anafunsa funso limene tinalisiya m'malere chifukwa dzuwa linali litapendeka. Anati: "Ngati uthenga sindinaulembe ndine, ndangoulandira pa foni n'kuutumiza kwa anzanga, kenako n'kudziwika kuti unali wabodza, kodi wabodzayo ndi ine?" Ena anayankha kuti ayi, mlandu ndi wa amene anaupeka. Ena anati inde, koma sanathe kufotokoza chifukwa chake. Ine ndinakhala chete, pakuti funsolo linandigunda pachilonda. Ndalemba pepalali kuti tiliwerenge limodzi tisanapitirize buku lathu, ndipo ndiyamba ndi zimene ndinachita ine mwini.

Munali mu June 2019. Chisankho cha pa 21 May chinali chitadutsa, zotsatira zitalengezedwa, ndipo m'mizinda munali zionetsero pafupifupi sabata iliyonse. Usiku wina ndinalandira chithunzi kuchokera kwa mnzanga wa kuntchito. Chinkaonetsa bambo atakhala pansi, magazi ali chuchuchu kumutu. Pansi pake panalembedwa kuti anyamata a chipani china amumenya pa msika wa kufupi ndi kwathu chifukwa ndi wochokera kuchigawo china. Mtima unandiwawa. Sindinafunse kanthu. Ndinachitumiza ku gulupu ya banja lathu ya pa WhatsApp, n'kulemba mawu amene tonse timawadziwa: "Ndangotumiza momwe ndalandirira."

Mu gulupu imeneyo munali amalume, amene amakonda chipani chotchulidwacho ndi mtima wonse. Munalinso alamu anga, amuna a achemwali, amene kwawo ndi kuchigawo chimene chinatchulidwacho. Alamu analemba mawu owawa onena za anthu a kwathu. Amalume anabweza owawa koposa, mpaka kukumbutsa zimene zinachitika pa chinkhoswe zaka zambiri zapitazo. Pofika pakati pa usiku alamu anali atatuluka mu gulupu, achemwali akulira pa foni.

Patapita masiku atatu mng'ono wanga, amene amadziwa bwino za intaneti, anafufuza chithunzicho. Anapeza kuti chinatuluka koyamba zaka zingapo m'mbuyomo, m'dziko lina, ndipo munthuyo anavulala pa ngozi ya galimoto. Kumsika kwathu sikunamenyedwe munthu. Ndinalemba mu gulupu kuti chithunzi chija chinali chabodza, koma alamu munalibemo kuti awerenge, ndipo mawu amene iwo ndi amalume anauzana sanafufutike. Mu August tinaika maliro a agogo. Amuna awiriwa anakhala motalikirana, ndipo nsima itabwera alamu anati sakumva njala. Madzi akatayika saoleka.

Kodi wabodza ndi ndani?

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti sindinaname. Wonama ndi munthu amene amadziwa zoona n'kunena zosiyana nazo. Ine sindinkadziwa. Ndinaonjezeranso chenjezo lakuti ndangotumiza. Ndiye mlandu wanga uli pati?

Taganizani za mayi wogulitsa mankhwala a mutu pa msika. Wina wamupatsa mapiritsi opanda pepala, opanda dzina, n'kumuuza kuti ndi abwino. Iye sanawapange, ndipo sakudziwa kuti ndi oipa. Akuwagulitsa n'kumauza ogula kuti, "Ndikungogulitsa momwe ndapatsidwira." Mwana wa mnansi wake akadwala nawo, palibe aliyense wa ife amene anganene kuti mayiyo ndi wosalakwa. Kulakwa kwake n'kwakuti anapereka kwa anthu omukhulupirira chinthu chimene iye sanachiyese, akudziwa bwino kuti sanachiyese.

Uthenga ukafika m'manja mwa munthu wina kuchokera kwa ine, umafika utavala dzina langa. Alamu sakanakhulupirira chithunzi chochokera ku nambala yachilendo. Anachikhulupirira chifukwa chinachokera kwa mlamu wawo amene amaphunzitsa ana za makhalidwe abwino ndipo sadziwika ndi bodza. Wopeka bodza uja analibe njira yolowera m'banja mwathu. Ndinamutsegulira chitseko ndine, ndipo mbiri yanga yabwino ndiyo inamutumikira. Mawu akuti "ndangotumiza" amagwira ntchito imodzi yokha: amandilola kuti nkhani ikakhala yoona nditamandidwe kuti ndinali woyamba kudziwa, ikakhala yabodza ndisambe m'manja.

Choncho yankho langa kwa mnzathu uja ndi ili. Mwina dzina lakuti wabodza silikukuyenerani ndendende. Koma munthu woona mtima amafunsidwa zambiri kuposa kungopewa kunena chimene akudziwa kuti n'chabodza. Amafunsidwanso kusamala kuti chimene chikutuluka kwa iye chikhale choona. Amene sasamala ngati nkhani ndi yoona kapena ayi, bola yamukomera, wataya kale chinthu chimene kunena zoona kumateteza.

Kukondera kuli ndi nkhope zambiri

Bodza lamkunkhuniza ngati la chithunzi changa chija ndi losavuta kuligwira. Chovuta ndi nkhani yokondera imene mulibe chiganizo chabodza ngakhale chimodzi.

Tiyerekeze kuti nduna yatsegulira mlatho. Tsamba lina la pa intaneti lilemba kuti boma lakwaniritsa lonjezo lake ndipo anthu akuvina. Tsamba lina lilemba kuti mlathowo wachedwa ndi zaka zitatu ndipo wadya ndalama zoposa zimene zinakonzedwa. Zonse zikhoza kukhala zoona. Aliyense watola theka limene likuthandiza mbali yake n'kusiya linalo. Amene amawerenga tsamba limodzi lokha chaka chonse sanauzidwe bodza, komabe chithunzi cha dziko chimene chili m'mutu mwake n'chopotoka.

Mawu osankhidwa nawo amakondera. Anthu omwewo, pa msewu womwewo, tsamba lina liwatcha "nzika zokwiya", lina "zigawenga". Wandale akasintha maganizo, kwa ena "wamvera anthu", kwa ena "wabwerera m'mbuyo mwamanyazi". Mutu wa nkhani umatha kunena motsimikiza chinthu chimene nkhaniyo mkati mwake ikungoti "akuti" kapena "zikumveka". Ambiri a ife, poopa kutha kwa bandulo, timawerenga mutu wokha.

Palinso kukondera kwa kukhala chete. Tsamba limene limafukula katangale wa chipani chimodzi tsiku ndi tsiku, koma osatchulapo za chinacho, likutiuza kanthu ndi kusalankhula kwakeko. N'chifukwa chake n'kwanzeru kufunsa kuti mwini tsamba ndani, ndalama zoyendetsera amazitenga kuti, ndipo kodi linayamba lalembapo nkhani yopweteka mbali imene limaoneka kuti likuikonda. Nyuzipepala ndi wailesi zokhazikika zili ndi mkonzi wodziwika dzina, ofesi imene munthu angapiteko kukadandaula, ndipo zikhoza kutengeredwa kukhoti. Zimenezi sizizisandutsa zangwiro, koma zikalakwa pamakhala wozifunsa. Tsamba la pa Facebook lopanda dzina la munthu likanama, mawa limangosintha dzina.

Kukondera kumene kuli mwa ife

Ndikanakonda kunena kuti vuto lonse lili kwa olemba nkhani. Koma ndiyenera kudzifunsa chifukwa chimene sindinakayikire chithunzi chija. Sabata yomweyo ndinalandira uthenga wina wonena zoipa za mbali inayo, ndipo ndinaufufuta pomwepo, n'kunena kuti izi ndi zopeka. Mauthenga onse awiri analibe umboni. Umodzi ndinaukana, wina ndinaufalitsa. Ine ndilibe khadi la chipani chilichonse, koma mtima wanga unali utapendekera kwina mwakachetechete, ndipo chithunzicho chinanena zimene ndinali wokonzeka kale kumva.

Mu 1951 magulu a masukulu awiri a ukachenjede a ku America, Princeton ndi Dartmouth, anasewera mpira wawo wogwira ndi manja uja. Masewerowo anali ankhanza, osewera ena anavulala. Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Albert Hastorf ndi Hadley Cantril, anaonetsa ophunzira a masukulu onse awiri kanema mmodzi yemweyo wa masewerowo, n'kuwapempha kuti awerenge zolakwa za timu iliyonse. Ophunzira a ku Princeton anaona zolakwa za timu ya Dartmouth zochuluka kuposa kawiri zimene a ku Dartmouth anaona pa timu yawoyo. Palibe amene anawalipira kuti aname. Aliyense ankakhulupirira kuti akunena zimene maso ake aona. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1954, intaneti kulibe.

Ife sitifunika kupita ku America kuti tione zimenezi. Khalani pakati pa ochemerera Bullets ndi Wanderers woyimbira akapereka penate. Theka la bwalo laona munthu akugwetsedwa, theka lina laona munthu akudzigwetsa. Pa mpira timaseka n'kupita kunyumba. Pa ndale chizolowezi chomwecho chimalekanitsa abale.

Apa ndi pamene pali phunziro limene linandivuta kulandira. Nkhani imene ndiyenera kuikayikira kwambiri ndi imene yandisangalatsa, imene ndikuiwerenga ndikuti, "Ndinkadziwa ine!" Nkhani yonyoza mbali imene ndimaikonda ndimaifufuza popanda wondiuza. Yonyoza mbali inayo imalowa popanda kugogoda. Munthu amene amafufuza nkhani zomupweteka zokha sakufunafuna choonadi. Akungotchinjiriza khola lake.

Mmene foni imagwirira ntchito ndi kufooka kwathu

Makampani monga Facebook, TikTok ndi YouTube amapeza ndalama kudzera mu malonda amene amaonetsa. Munthu akakhalitsa pa foni, amaona malonda ambiri. Choncho makompyuta awo amaphunzira zimene zimatigwira maso n'kumatibweretsera zofanana nazo. Mukaima pa kanema wonyoza wandale wina, mawa mulandira ena atatu. Pakatha miyezi, inu ndi mnansi wanu mumakhala mukuona maiko awiri osiyana, aliyense akudabwa kuti mnzakeyo bwanji sakuona zoonekeratu.

Mkwiyo ndi malonda. Mu 2016, pa nthawi ya chisankho cha pulezidenti ku America, atolankhani anapeza masamba oposa 100 a nkhani za ndale za dzikolo akuyendetsedwa kuchokera m'tauni ya Veles ku Macedonia, kutali ku Ulaya. Ambiri mwa eni ake anali achinyamata, ndipo amene anafunsidwa ananena poyera kuti chimene ankafuna ndi ndalama za malonda. Anaona kuti nkhani zokokomeza ndi zabodza ndizo zimatsegulidwa kwambiri, ndiye ankalemba zomwezo. Anthu ankakangana m'mabanja mwawo chifukwa cha nkhani zolembedwa ndi mnyamata amene sankavota n'komwe m'dziko lawo.

Mu 2018 ofufuza atatu a pa sukulu ya MIT anasindikiza zimene anapeza ataunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafalikira pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Nkhani yoona inkatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza, ndipo mabodza a ndale ndiwo ankathamanga kuposa ena onse. Chimene chinandikhudza n'chakuti makina ofalitsa okha mauthenga ankafalitsa zoona ndi zabodza mofanana. Amene ankapatsa bodza liwiro anali anthu ngati inu ndi ine, chifukwa bodza limakhala lachilendo ndi lodzidzimutsa, ndipo timakonda kukhala oyamba kuuza anzathu zodabwitsa.

Eni ake a WhatsApp anavomereza vutoli mwa zochita zawo. Anthu ataphedwa ndi magulu olusa ku India chifukwa cha mphekesera za oba ana, mu 2018 kampaniyo inayamba kuika chizindikiro pa uthenga wotumizidwa kuchokera kwina, ndipo mu January 2019 inaletsa padziko lonse kutumiza uthenga umodzi kumalo oposa asanu nthawi imodzi. Kuno kwathu sitinaiwale za anamapopa mu 2017. Mphekeserayo inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo madokotala sanapeze umboni wakuti pali munthu amene anapopedwa magazi. Ambiri mwa ofalitsa nkhaniyo sanagende munthu. Ankangochenjeza abale awo momwe anamvera.

Mafunso atatu otsutsa

Wina anganene kuti, "Chabwino, ndiye tizingomvera zimene boma ndi akuluakulu alengeza." Mbiri yathu ikutichenjeza. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, koma dziko linauzidwa mwalamulo pa 7 April. M'masiku awiri amenewo zonong'onezana za pa foni ndi wailesi za kunja zinali pafupi ndi choonadi kuposa zimene zinkanenedwa ndi ena a m'maudindo. Udindo wa munthu suchititsa mawu ake kukhala oona. Chimene tiyenera kufunsa kwa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, n'chakuti wadziwa bwanji, ndipo akupindula chiyani ife tikakhulupirira.

Wina anganene kuti, "Onse ndi abodza, ine sindikhulupirira chilichonse." Mawuwa amamveka ngati nzeru, koma ndi ulesi wofanana ndi wa munthu wokhulupirira zonse, pakuti onse awiri apeza njira yopewera ntchito yofufuza. Ndiponso amene amati sakhulupirira chilichonse, mukamumvetsera bwino, mupeza kuti amakhulupirirabe zimene zimamukomera. Choonadi chimapezeka, kungoti chimafuna nthawi. Kumbukirani mlandu wa chisankho cha 2019. Kwa miyezi ingapo oweruza asanu ku Lilongwe anamva mboni za mbali zonse, maloya akuzifunsa mafunso, mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex akuunikidwa limodzi ndi limodzi, ife tikumvera pa wailesi. Pa 3 February 2020 anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse mpaka usiku. Khoti la Supreme linagwirizana nacho pa 8 May, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June. Sindikutchula izi kuti ndiime ndi opambana kapena ogonja. Ndikufuna tione njira yake: kumva mbali zonse, kufuna umboni wogwirika, kulola kuti mboni ifunsidwe, ndi kudikira. Pa foni tinkagamula mlandu womwewo m'mphindi imodzi.

Tisaganizenso kuti kusakondera ndiko kunena kuti mbali zonse zikulondola pang'onopang'ono. Wina akati kunja kukugwa mvula, wina n'kuti kuli dzuwa, wachilungamo sanena kuti kukuwaza. Amatsegula chitseko n'kuyang'ana. Nthawi zina umboni umagwera mbali imodzi, ndipo tiyenera kuuvomereza ngakhale mbaliyo isatikomere.

Wachitatu anganene kuti, "Ine ndilibe ndalama za bandulo yofufuzira nkhani iliyonse, ndiponso ndimakhala kumunda tsiku lonse." Ili ndi dandaulo loona, ndipo sindikulipeputsa. Palibe amene angafufuze zonse. Koma udindo wofufuza umabwera pamene ndafuna kufalitsa kapena kuchitapo kanthu. Ngati sindingathe kufufuza, pali chinthu chimodzi chaulere: kusatumiza. Nkhani ikafika kwa ine n'kuthera pomwepo, sindinalakwire munthu. Ndipo ikakhala yoona ndi yofunika, mawa idzamveka pa wailesi.

Zimene ndimachita tsopano

Sindine katswiri, koma kuyambira nthawi ija ndinadziikira malamulo ochepa, ndipo ndikuwapereka kuti tiwaunike limodzi.

Choyamba ndimamvetsera mtima wanga. Uthenga ukandikwiyitsa kapena kundisangalatsa kwambiri, ndimaika foni pansi. Nkhani zambiri zabodza zimalembedwa kuti munthu achite changu, n'chifukwa chake zimatha ndi mawu akuti "tumizani msanga asanafufute". Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako ndimafunsa amene wanditumizira kuti, "Mwazitenga kuti?" Akati kwa mnzake, amene anamva kwa msuweni wake wogwira ntchito ku Capital Hill, ndimadziwa kuti palibe amene waona ndi maso. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawu ojambulidwa a munthu wosatchula dzina lake, ngakhale alankhule molimba mtima chotani, ndi mphekesera basi.

Ndimayang'ana tsiku. Nkhani zambiri zimene zimatizunguza ndi zoona koma zakale, zoukitsidwa pa nthawi ya kampeni. Chithunzi chikhoza kufufuzidwa ndi Google Lens, imene imaonetsa malo ena kumene chinatulukapo. Ndi mmene mng'ono wanga anagwirira chija, ndipo sizinamutengere mphindi zisanu. Masiku ano makompyuta amathanso kupanga chithunzi, mawu ndi kanema wa munthu akunena zimene sananene, choncho kuona ndi maso pa foni sikulinso umboni wokwanira.

Ndimafuna kumene nkhani inayambira. Akati bungwe loyendetsa chisankho lalengeza, ndimayang'ana ngati chikalatacho chili pa tsamba lenileni la bungwelo, pakuti chizindikiro cha ofesi aliyense angathe kuchimata pa pepala. Akati wandale wanena mawu akutiakuti, ndimafuna kumva zimene ananena patsogolo ndi pambuyo pake. Pa nkhani za ndalama za boma, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo ndi la nzika iliyonse, osati atolankhani okha. Palinso mabungwe amene ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani, monga Africa Check imene inayamba mu 2012 ku Johannesburg.

Pomaliza ndimayerekeza malo awiri kapena atatu amene sagwirizana. Masamba khumi amene akopera nkhani pa tsamba limodzi ndi mboni imodzi yokha. Koma wailesi imene imaoneka yokomera boma ndi ina imene imalidzudzula zikagwirizana pa mfundo inayake, mfundoyo ili ndi miyendo. Ndipo ndimadziyesa ndi funso ili: nkhani yomweyi ikanakhala yonena za mbali imene mtima wanga umaikonda, ndi umboni womwewu, kodi ndikanaitumiza?

Chifukwa chake zikutikhudza ife

M'zaka zomaliza za moyo Wake, Bahá'u'lláh analemba za nyuzipepala mu Kalata yotchedwa Ṭarázát. Anaziyerekeza ndi galasi loonetsa zochitika za mitundu ya anthu, ndipo anapempha olemba ake kuti asatsogozedwe ndi zilakolako zawo, akhale achilungamo, ndipo afufuze bwino asanalembe. Iye mwini ankadziwa ululu wake, pakuti ananenanso kuti zambiri zimene nyuzipepala zinkalemba za Iye sizinali zoona. Pa nthawi imeneyo olemba nkhani anali ochepa. Lero aliyense amene ali ndi foni ndi gulupu ya anthu 50 ndi mkonzi wa nyuzipepala yaing'ono, ndipo malangizowo afika pakhomo pake.

Timaphunziranso m'buku loyamba la Ruhi kuopsa kwa miseche, ndipo mu Kitáb-i-Aqdas miseche ndi kunamizira zaletsedwa m'ndime imodzi ndi kupha ndi chigololo. Timasamala kuti tisajede mnansi. Koma wandale timamuona ngati si munthu, ngati kuti iyeyo alibe mkazi ndi ana amene amawerenga zimene timatumiza. Kufunsa atsogoleri za ntchito yawo ndi za chuma cha dziko ndi ufulu wa nzika. Kufalitsa mphekesera za matenda awo, mabanja awo kapena mtundu wawo ndi miseche, ngakhale ichitikire pa foni.

Ife a Bahá'í sitilowa zipani ndipo sitichita kampeni, ngakhale timaloledwa kuvota. Nkhani yanga ikuonetsa kuti munthu akhoza kusunga lamuloli kunja, mkati mwake ali wachipani. Akhoza kugwirira ntchito chipani usiku ndi chala chake, masana n'kumaphunzitsa za umodzi wa mtundu wa anthu. M'gulu lathu lino muli anthu a zipembedzo zosiyana, ochokera m'zigawo zosiyana, ndipo mosakayika timavota mosiyana. Chimene chimatilola kukhala pa mphasa imodzi n'chakuti timakhulupirirana. Uthenga umodzi wosafufuzidwa ukhoza kuwononga zimene tamanga chaka chathunthu.

Tikalakwitsa

Tonse tidzalakwitsabe. Chofunika n'chakuti kukonza kufike kulikonse kumene bodza linafika, ndipo kunenedwe momveka: "Uthenga ndinatumiza dzulo unali wabodza, pepani." Kungoufufuta mwakachetechete sikuchotsa zimene zalowa kale m'mitima. Ndipo mnzathu akatumiza zabodza, timulembere payekha mwaulemu, timuonetse zimene tapeza, timupatse mpata wokonza yekha. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amaumirira bodza lake.

Maliro a agogo atatha ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza akukonza njinga kuseri kwa nyumba. Ndinati, "Alamu, moto uja ndinayatsa ndine. Chithunzi chija sindinachifufuze, ndipo ndinachitumiza chifukwa chinagwirizana ndi zimene ndinkaganiza kale. Mundikhululukire." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chithunzicho ndinamva kuti chinali chabodza. Koma zimene ananena amalume anu za anthu akwathu, zija sizinachokere pa chithunzi." Ndinalibe choyankha, chifukwa ankanena zoona. Bodza lija linangotsegula zimene zinali kale m'mitima, mwa iwo, mwa amalume ndi mwa ine.

Panapita chaka ndi miyezi kuti awiriwa apatsanenso moni wa dzanja. Lero amalankhulana, koma alamu sanabwererenso mu gulupu ya banja, ndipo sindinawakakamize.

Mafunso okambirana

1. Kumbukirani uthenga womaliza wa ndale umene munatumiza kwa ena. Munadziwa bwanji kuti unali woona?

2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kudzudzula mtsogoleri pa ntchito yake ndi kumujeda? Perekani zitsanzo popanda kutchula maina.

3. Wachibale wamkulu kwa inu, monga amalume kapena apongozi, akatumiza nkhani yabodza mu gulupu ya banja, mungawauze bwanji popanda kuwachotsera ulemu?

4. Ndi nkhani ziti zimene inuyo mumazikhulupirira msanga, ndipo zimenezi zikukuuzani chiyani za kumene mtima wanu wapendekera?